Kanyimbo Kokakamira M'mutu

Tonse zinatichitikirapo. Takwera minibasi yochokera ku Karonga, dalaivala wakweza wailesi, ndipo potsika pa Chiweta kanyimbo kaja katsika nafe. M'kalasi kakulira, powerenga kakulira, mwina ngakhale titaima pa swala. Chonsecho sitinakakonde n'komwe. Chimachitika n'chiyani?

Ajeremani amakatcha Ohrwurm, kutanthauza nyongolotsi ya m'khutu, koma nkhani yake ili muubongo. Mu 1974, akatswiri a ku Britain, Alan Baddeley ndi Graham Hitch, anafotokoza kuti ubongo umasunga mawu amene tangomva kwa masekondi ochepa chabe. Kuti asathawe, timawabwereza chamumtima, monga timachitira tikauzidwa nambala ya foni tilibe cholembera. Nyimbo imalowera khomo lomweli. Popeza kolasi yake ndi yaifupi ndiponso yobwerezabwereza, ikafika kumapeto imayambiranso yokha.

Si nyimbo zonse zimatero. Mu 2016, Kelly Jakubowski ndi anzake, atafunsa anthu 3,000, anapeza kuti zokakamira kwambiri ndi zothamangirako, zosavuta kuimba, zokwera ndi kutsika ngati nyimbo za ana, koma zokhala ndi kamalo kena kodabwitsa. Zimene timazimva kawirikawiri ndizo zimabwera msanga, makamaka maganizo akakhala pa ulesi.

Nanga tingakachotse bwanji? Kulimbana nako sikuthandiza kwenikweni. Bwino kupatsa ubongo ntchito ina ya mawu: kuwerenga mokweza, kapena kufotokozera mnzathu zimene taphunzira. Mu 2015, Philip Beaman wa ku yunivesite ya Reading anapeza kuti kutafuna chingamu kumathandizanso, chifukwa kumasokoneza kubwereza kwa chamumtima kuja. Koma chonde, chingamu chisalowe m'kalasi!

Phunziro lalikulu nali. Mphamvu imene imamata kanyimbo ka m'minibasi ndi yomwe inatigwiritsa alifu, baa, taa ku madrasa, pamene tinkabwereza mokweza tonse pamodzi. Ubongo susankha, umagwira chimene wapatsidwa kawirikawiri. Ophunzira a Fomu 4, mayeso a MSCE sadzafunsa kolasi. Tiyeni tidule notsi zathu m'tizigawo tatifupi, tizitchule mokweza, tizibwereze mawa ndi mkuja.

Makolo, tithandizeni: nthawi yowerenga ikakwana, wailesi ndi foni zipumule. Chimene mwana amamva madzulo aliwonse ndicho amanyamula popita kusukulu m'mawa.