Malangizo: Mutu Wouma Kulibe

Lero tikambe za mawu omwe afooketsa achinyamata ambiri: "Ine mutu wanga ndi wouma."

Kaoneni mnyamata wophunzira kuwotcherera ku msika wa Ndirande. Poyamba ndodo imangomatirira pachitsulo, mzere n'kutuluka wokhotakhota. Mmisiri amamuuza kuti agumule, ayambirenso. Pakutha pa miyezi, anthu akugula mageti ake. Luso limenelo sanabadwe nalo.

Sukulu n'chimodzimodzi. Ngati mayeso a MSCE sanakuyendereni, MANEB imalola kulembanso. Onani phunziro lomwe linakugwetsani, pezani mnzanu wolidziwa, muziyeserera mafunso a mayeso akale tsiku ndi tsiku. Ngati mtima uli ku ntchito zamanja, kafunseni ku TEVETA kapena ku Soche Technical College. Inu muli pantchito, bwana akakudzudzulani, funsani pomwe mwalakwitsa. Paja safunsa adadya phula.

Makolo, lekani kumutcha mwana mbuli. Mufunseni kuti, "Chakuvuta n'chiyani, nanga mawa uyesa bwanji?"

Achinyamata, sankhani chinthu chimodzi chomwe munachithawa, muchiyambenso sabata ino.