Mafunso ndi Mayankho: Ufulu wa Atolankhani ndi Moyo wa m'Malokeshoni a Harare

Makalata amene akuyankhidwa m'pologalamu ya lero achokera ku Mufakose, Glen View, Mabvuku ndi Mbare, malokeshoni a mu Harare kumene kumakhala ana ndi zidzukulu za anthu amene adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafakitale, kunjanji ndi m'nyumba za azungu. Onse akukhudza ufulu wa atolankhani, ndiko kunena mpata woti olemba ndi oulutsa nkhani afufuze ndi kufalitsa zimene apeza popanda kuopa kumangidwa, kutsekeredwa nyuzipepala kapena kuuzidwa zoti alembe.

Funso loyamba: Bambo ena a ku Mufakose, amene adapuma pantchito ya njanji, akufunsa ngati ufuluwu uli ndi phindu kwa munthu wamba, popeza nyuzipepala saphikira nsima.

Yankho: Ofufuza akhala akulimbana ndi funso la bambowa kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza zikusonyeza kuti nkhani ndi nsima sizitalikirana monga zimaonekera. Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, adaonetsa kuti njala yaikulu yopulula anthu siidachitikepo m'dziko limene lili ndi zisankho zenizeni pamodzi ndi atolankhani omasuka, chifukwa boma loopa kuchotsedwa silingabise kuti nkhokwe zagwa pamene manyuzipepala akulengeza. Ku Uganda, Ritva Reinikka ndi Jakob Svensson adapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995 sukulu zinkalandira ndalama pafupifupi 13 zokha pa 100 iliyonse imene boma lidatumiza yogulira zipangizo, koma boma litayamba kusindikiza m'manyuzipepala kuchuluka kwa ndalama zotumizidwazo, pofika 2001 sukulu zinkalandira zopitirira 80 pa 100, pakuti makolo ndi aphunzitsi adadziwa choti akafunse.

Umboni wina uli mu Harare momwemuno. Mu 1988 nyuzipepala ya Chronicle ya ku Bulawayo, motsogozedwa ndi Geoffrey Nyarota ndi Davison Maruziva, idaulula kuti akuluakulu a boma ankagula magalimoto pamtengo wotsika ku fakitale ya Willowvale n'kumawagulitsa pamtengo wokwera kwambiri. Bungwe lofufuza la woweruza Wilson Sandura lidatsimikiza nkhaniyo mu 1989, ndipo nduna zingapo, kuphatikizapo Enos Nkala ndi Maurice Nyagumbo, zidatula pansi udindo. Chronicle inali nyuzipepala ya boma, ndipo Nyarota adachotsedwa paukonzi pambuyo pake, zimene zikusonyeza kuti kulimba mtima kwa mkonzi mmodzi kulibe mizu ngati palibe lamulo lomutchinjiriza.

Chimene chimachitika atolankhani akatsekedwa pakamwa anthu a m'malokeshoni adachiona ndi maso. Makina osindikizira a nyuzipepala yoima payokha ya Daily News adaphulitsidwa ndi bomba mu Januwale 2001, nyuzipepalayo idatsekedwa mu Sepitembala 2003, ndipo pamene apolisi adayamba kugwetsa nyumba ndi misika mu Meyi 2005, pa chimene chidatchedwa Murambatsvina, nyuzipepala yaikulu yoima payokha yotuluka tsiku ndi tsiku padalibe. Kukula kwa tsokalo kudamveka bwino kudzera mu lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, limene lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya nyumba kapena pogwira ntchito. Ena mwa iwo anali a makolo ochokera ku Malawi, amene ankauzidwa kuti abwerere kumudzi pamene m'dziko muno analibe mudzi wopitako, ndipo kulira kwawo kudasowa woulemba.

Funso lachiwiri: Mayi ena a ku Glen View akufunsa chifukwa chimene atolankhani amamangidwirabe pamene Malamulo Aakulu a dziko amawateteza.

Yankho: Mayiwa sadalakwe. Gawo 61 la Malamulo Aakulu a 2013 limateteza ufulu wofalitsa nkhani, limalola mtolankhani kusunga chinsinsi cha amene adamuuza nkhani, ndiponso limalamula mawailesi ndi manyuzipepala a boma kupereka mpata kwa anthu a maganizo osiyana, pamene gawo 62 limapatsa nzika ufulu wopeza zimene maofesi a boma akusunga. Makhothi nawonso adachitapo mbali yawo. Mu 2000 Khothi Lalikulu Kwambiri lidathetsa mlandu wofalitsa nkhani zabodza umene Mark Chavunduka ndi Ray Choto a nyuzipepala ya The Standard adaimbidwa atazunzidwa ndi asilikali mu 1999, ndipo mu 2014 Khothi la Malamulo Aakulu lidagamula kuti kuipitsa mbiri ya munthu sikuyenera kukhala mlandu wopita nawo kundende. Lamulo la AIPPA la 2002, limene lidatsekera Daily News, lidafafanizidwa mu 2020.

Komabe ufulu wolembedwa papepala umasiyana ndi ufulu wa pamsewu. Pa 9 Malichi 2015, Itai Dzamara, amene adali mtolankhani asadayambe kuchita zionetsero, adagwidwa ndi anthu osadziwika pamalo ometera ku Glen View komweko, ndipo sadapezeke ngakhale khothi lidalamula apolisi kuti amufunefune. Mu Julayi 2020 mtolankhani Hopewell Chin'ono adamangidwa ataulula zachinyengo pa kagulidwe ka zipangizo za Covid-19, nkhani imene idachotsetsa nduna ya zaumoyo, Obadiah Moyo, mwezi womwewo. Mu Febuluwale 2025 mtolankhani Blessed Mhlanga adatsekeredwa kwa miyezi yopitirira iwiri asanapatsidwe belo. Ofufuza amati choopsa pa kumanga kotere si chigamulo cha khothi ayi, koma mantha amene amalowa mwa ena onse, kotero kuti mtolankhani amayamba kudziletsa yekha, kusiya nkhani ya madzi oipa kapena ya kagawidwe ka malo omangapo nyumba asanaletsedwe ndi munthu aliyense. Kudziletsa kumeneku sikuwerengeka pa mndandanda wa omangidwa, koma ndiko kumasowetsa nkhani zambiri kuposa ndende.

Funso lachitatu: Mnyamata wina wa ku Mabvuku akuti nkhani zonse amazipeza pa WhatsApp, ndiye atolankhani ngachiyani?

Yankho: Wolemba mbiri Stephen Ellis adalemba mu 1989 za chimene anthu a m'mizinda ya mu Africa amachitcha wailesi ya m'mphepete mwa msewu, ndiko kuti mphekesera zoyenda pakamwa, zimene zimakula kumene anthu sakhulupirira wailesi ya boma. WhatsApp ndi wailesi yomweyo italowa mufoni. Imafulumira ndithu, koma ilibe mkonzi wofunsa mbali zonse ziwiri, ndipo ilibe dzina loti wolakwiridwa akalidandaulire. Imathanso kuzimitsidwa, monga mu Januwale 2019 pamene boma lidatseka intaneti pa nthawi ya zionetsero za kukwera mtengo kwa mafuta, mpaka khothi lidagamula kuti kutsekako kudali kosatsata lamulo.

Funso lachinayi: Agogo ena a ku Mbare akudandaula kuti Chichewa sichimveka mokwanira pa wailesi, ndipo m'manyuzipepala mulibiretu.

Yankho: Dandaulo la agogowa ndilo lolemera kuposa onse, chifukwa ufulu wofalitsa nkhani uli ndi mbali ziwiri, ya wolankhula ndi ya womvera, ndipo nkhani yoperekedwa m'chinenero chimene munthu sachimva bwino ili ngati sidaperekedwe. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya African Newspapers inkasindikiza nyuzipepala ya Chinyanja ya Bwalo la Nyasaland mu mzinda uno, umene unkatchedwa Salisbury. Lero Chichewa chili m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka ndi gawo 6 la Malamulo Aakulu, koma mpata wake waukulu ndi nthawi yochepa imene chimagawana ndi zinenero zina pa National FM ya ZBC, wailesi ya boma, pamene Chishona chili ndi nyuzipepala yake ya Kwayedza. Mawailesi a m'madera, amene adayamba kupatsidwa ziphaso mu 2020 patapita zaka 19 chikhazikitsireni lamulo la mawailesi la 2001, ambiri ali kumidzi.

Kuipa kwa kusowa kumeneku kumaonekera pa nkhani ya unzika. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya anthu ambiri obadwira muno opanda unzika chifukwa makolo awo adachokera kunja, ndipo zitupa zawo zidawatchula alendo. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a 2013 lidabweza unzika kwa amene adabadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, malinga ankakhala muno pamene malamulowo adayamba kugwira ntchito. Ufulu wotere umathandiza yekhayo amene waumva, ndipo kufotokozera agogo a ku Mbare m'chinenero chawo kuti chitupa chawo chingathe kusinthidwa ndi ntchito yeniyeni ya wailesi imene imayendetsedwa ndi ndalama za anthu onse.

Pali njira zimene omvera angatsate. Lamulo la 2020 la ufulu wopeza nkhani limalola munthu kulembera ofesi ya boma kapena khonsolo ya mzinda kupempha zimene akufuna kudziwa, monga za madzi kapena za mndandanda wa odikira nyumba, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 21. Ikakana, apilo imapita ku Zimbabwe Media Commission. Amene walembedwa zabodza angadandaule ku Voluntary Media Council of Zimbabwe, bungwe limene atolankhani adadzikhazikitsira mu 2007. Agogowa pamodzi ndi anzawo a m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu othandizana pa maliro akupemphedwa kulembera ZBC, mu Chichewa chomwechi, kupempha kuti nthawi ya chinenero chawo iwonjezedwe, ndipo atchule gawo 6 m'kalatayo.