Werengani Yopulumuka

Ana anga, ine ndinali mlembi wa komiti yosamalira zachilengedwe m'mudzi mwathu, ndipo ndinkanama ndi cholembera. Ndalama sindinabe, ayi. Ndinkangolemba mbande zimene tadzala.

Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, tinkasenza machubu kuchokera ku nazale, amayi akuimba, amfumu akudzala mtengo woyamba, alendo akujambula. Ine n'kulemba nambala yaikulu m'kaundula, buku n'kutseka. Mu Okutobala, dzuwa litakwiya, sindinkabwererako. Mbuzi zinadya. Chiswe chinadya. Moto wa osaka mbewa unamaliza zotsala. Koma lipoti langa linali lobiriwira ndithu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu 2016 dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi malo oguga pofika 2030. Lonjezo lotere limawerengedwa kuchokera m'mabuku onga langa lija. Ndiye mukadzagwira cholembera inuyo, werengani mitengo yopulumuka. Bwererani m'chilimwe, muyende mzere ndi mzere, muwerenge yamoyo. Nambala ikakhala yochititsa manyazi, ilembeni momwemo. Chaka chamawa mubwererenso. Zitsa zimene zikuphukira zokha musaziiwale, chifukwa izo mizu zili nayo kale.

Cholakwa changa china chinali kunyada. Tinadzala m'mbali mwa mtsinje mpaka pamalire a mudzi wathu, n'kuima pomwepo. A kumtunda sitinawaitane. Tinkati aliyense adziwe zake. Iwo ankaotcha makala m'phiri, ife tikuomba m'manja kumunsi. Mtsinje sudziwa malire a mfumu, ana anga. Sudziwa. Dothi lokokoloka kumapiri ndi lomwe limakadzaza mtsinje wa Shire ku Nkula, magetsi n'kumavuta m'dziko lonse. Njovu nazo siziona chipata: zimayenda pakati pa nkhalango ya Kasungu kuno kwathu ndi ya Lukusuzi ku Zambia, n'chifukwa chake maiko awiriwa anasainirana pangano mu 2015 kuti azisamalira nkhalangozo limodzi. Maboma anakhala pansi, koma ine ndinalephera kukwera mtunda wa ola limodzi kukagwada kwa amfumu oyandikana nafe.

Mvula ina inagwa usiku wonse. Madzi anatsika ofiira, n'kung'amba chigwembe pakati pa dimba langa, kutenga nthochi ndi nzimbe zomwe. Chitsime chathu chinakwiririka ndi mchenga. Mpaka lero mayi anu aja amadzuka tambala woyamba kukatunga madzi kutsidya.

Kaundula uja ndikadali naye m'sutikesi. Masamba ake ngaudongo, nambala zonse zikuwerengeka bwino.