Musanalawe Buledi wa Vegan, Funsani Kaye



Lero tikambirane za mabekale a vegan, amene amaphika buledi ndi makeke osaikamo mazira, mkaka, batala kapena uchi. Vuto ndi lakuti ambiri amaganiza kuti chilichonse cha m'menemo n'choyenera aliyense. Ayi ndithu.

Musanalawe, funsani. Funsani chimene aikamo m'malo mwa mkaka wa ng'ombe. Kawirikawiri umakhala mkaka wa soya kapena wa mtedza wamitundumitundu, ndipo pali anthu amene zimenezi zimawawenga: milomo kutupa, khungu kuyabwa, mpweya kubanika. Amayi ndi abambo, ngati mwana wanu ali wotere, musachite manyazi, funsani. Ufa wakenso nthawi zambiri ndi wa tirigu womwewu, umene ena umawawenganso.

Kenaka, yambani ndi kachidutswa. M'malo mwa dzira, ophika ena amakanyiramo nthochi zakupsa, monga timachitira pophika zitumbuwa, ndipo keke yake imafewa bwino, imakoma. Koma shuga alimo, mafuta alimo. Inu amene muli ndi matenda a shuga, samalani pamenepa.

Tibwereze: funsani kaye zimene aikamo, ndipo yambani ndi kachidutswa.