Excuse ndi Forgive: Kusiyana Kwake n'Kotani?

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, pamene mukukonzekera mayeso a MSCE, samalani ndi mawu awiriwa chifukwa ambiri amawasinthanitsa polemba chimangirizo kapena kalata. N'zosadabwitsa. M'Chichewa timati "pepani" kapena "ndikhululukireni" ponseponse, kaya wamuponda mnzako phazi m'minibasi, kaya wamudyera ndalama. Chingerezi chimalekanitsa zimenezi.

Excuse ndi wa zinthu zing'onozing'ono: kuyetsemula pagulu, kudutsa pakati pa anthu amene akucheza, kudula aphunzitsi pakamwa. Apa timati "Excuse me." Mawuwa anachokera ku Chilatini, ex ndi causa, kutanthauza kuchotsa munthu pa mlandu. Ndiye kuti wopempha akunena kuti cholakwacho n'chochepa, kapena panali chifukwa chomveka. Likakhala dzina, excuse ndi chowiringula, monga "mvula inandigwira panjira." Katchulidwe kamasiyananso: mneni amathera ndi liwu la z, pomwe dzina limathera ndi s.

Forgive ndi wolemera. Ndi mawu akale a Chingerezi, ndipo mkati mwake muli give, kupereka. Wopempha forgiveness sadziteteza. Akuvomera kuti analakwadi, ndipo wolakwiridwayo akupereka chinthu chimene sakakamizidwa kupereka, ndiko kusiya mkwiyo ndi kubwezera. N'chifukwa chake Astaghfirullah amamasuliridwa ndi forgiveness. Excuse sangakwane pamenepo, pakuti pamaso pa Allah munthu sapita ndi zowiringula.

Tsono taganizani: mwataya buku la mnzanu limene makolo ake anagula movutikira, inu n'kulemba kuti "Excuse me for losing your book." Galamala ilibe vuto, koma wowerenga amva ngati nkhaniyo mwaipeputsa. Lembani kuti "Please forgive me for losing your book," ndipo musatsatize ndandanda wa zifukwa. Onani kuti pambuyo pa for mneni amathera ndi -ing, komanso kuti forgive amasintha motere: forgive, forgave, forgiven. Mawu akuti "forgived" kulibe.

Palinso pardon. Pocheza, "Pardon?" ndi kupempha munthu kuti abwereze zimene wanena. M'nkhani za boma ndi chikhululukiro chimene Pulezidenti amapereka kwa akaidi ena, monga zimachitikira pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu pa 6 Julaye.