Maluwa a ukwati wa mu Okutobala

Talandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba. Akuti mwana wawo wamkazi akulowa m'banja mu Okutobala, koma maluwa a rozi ndi okwera mtengo, ndiponso akuopa kuti afota madyerero asanayambe.

Amayi a ku Chinamwali, nkhawa yanuyo ndi yomveka. Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, ndipo rozi sachedwa kufota. Gulani ochepa chabe, oti mkwatibwi anyamule. Pokongoletsa holo, onani zomwe nyengo yatipatsa: bougainvillea amachita maluwa ambiri m'chilimwe, ndipo anansi sangakumaneni, kungoti samalani ndi minga. Jacaranda ndi wokongola ndithu, koma musiyeni mumtengo momwemo, amayoyoka msanga.

Nonse amene mukumvetsera, thyolani maluwa m'mamawa dzuwa lisanakwere. Dulani phesi mopendekeka ndi mpeni wakuthwa, chotsani masamba a m'munsi kuti asawolere m'madzi, kenako muike maluwawo mu ndowa ya madzi ozizira pamthunzi. Maluwa a mkwatibwi amangidwe m'mawa wa tsiku la ukwatilo, ndipo muwatulutse m'madzi galimoto ikafika pakhomo.