Kuthirira Ndiwo Zamasamba M'nyengo Yozizira: Malangizo kwa Mabanja a ku Kasungu

Za kutipula, kuthira manyowa ndi kumanga mpanda woletsa mbuzi mukuzidziwa kale, sititayapo nthawi. Chimene chikuwononga ndiwo m'madimba ndi m'timinda ta kuseri kwa nyumba, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chulu ndi ku Kaluluma, ndi kathiriridwe.

Kuwaza si kuthirira

Mwana amatenga keni imodzi n'kuiyendetsa pa mabedi atatu. Dothi likangoda pamwamba, basi wathirira, wapita kukasewera. Inu pisani chala pabedipo: pansi pali pouma gwa! Madzi otere amathera pamwamba, ndipo mizu imawatsatira n'kumangoyanga pomwepo osalowa pansi. Mwera ukawomba masana, dothi lathu lamchengali silichedwa kuuma, mpiru ndi repu n'kuyamba kufota. Nsabwe nazo zimathamangira mbewu yofookayo. Kenako mumabwera kwa alangizi kudzati mbewu inali yoipa, tiuzeni mankhwala. Mbewu ilibe mlandu. Tanena izi m'misonkhano kangati?

Keni ya malita 10 izithera pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Bedi lotalika mamita 5, lotambalala mita imodzi, lifunika makeni asanu. Thirani pang'onopang'ono patsinde kuti madzi alowe, asathamangire m'njira. Mu Juni ndi Julayi, bedi lothiriridwa chonchi limatha masiku awiri kapena atatu. Musanathirirenso pisani chala chonse. Mukamva chinyontho, dikirani mawa. Mbande za pa nazale ndi zimene mwangowokera kumene ndizo zofuna madzi tsiku ndi tsiku. Kukayamba kutentha mu Seputembala, muziyesa ndi chala m'mawa uliwonse.

Bedi la m'chilimwe likhale lolowa pansi, lokhala ndi milambala m'mbali. Lokwera lija ndi la dzinja, lothawitsa madzi. Ambiri mukupangabe lokwera chaka chonse chifukwa ndi mmene munapezera makolo akuchitira, ndipo madzi ambiri amene mayi wasenza kuchokera ku chitsime amangotsikira m'mbali.

Phimbirani ndi udzu wouma kapena masangwi a mtedza. Chodandaulitsa n'chakuti luso limeneli muli nalo kale. Pa nazale ya fodya mumaphimbira bwinobwino, mumawerenga makeni, mumadziwa ndi nthawi yochepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Nanga bwanji pa ndiwo zimene ana anu akudya?

Chisanu

Thirirani m'mawa dzuwa litatuluka. Mukathirira madzulo kuli kuzizira, masamba amagona onyowa ndipo matenda a chiwawu ndi nkhungu amapeza polowera, makamaka pa tomato. M'madambo, monga a m'mbali mwa Bua ndi Dwangwa, mphepo yozizira imatsikira m'munsi usiku, choncho tomato mumuike chakumtunda. Mpiru, repu, chainizi, kabichi ndi anyezi zimakondwa ndi nyengo ino. Tomato musamubzale pamene panali fodya kapena nazale yake, ndipo amene wagwira fodya asambe m'manja ndi sopo asanakhudze tomato. Matenda awo ambiri ndi amodzi.

Dimba ndi la banja lonse

Tikudziwa kuti miyezi ino abambo muli pa kusankha fodya, kudinda mabelo ndi maulendo a ku Chinkhoma. Komabe makeni asanu pa bedi si ntchito ya mwana wa sitandade 3. Akuluakulu tungani ndi kuthirira. Ana apatseni zozula udzu, zoyang'ana mbozi kunsi kwa masamba ndi zoyesa chinyontho ndi chala, aphunzire akadali aang'ono. Ngati madzi ali kutali, chepetsani mabedi: awiri okhuta madzi amadyetsa banja kuposa asanu ndi limodzi owazidwa.

Khalani pansi lero monga banja, muwerenge mabedi anu, mugawane masiku othirira.